Matikiti a boti la ku Isle of May: tigule kapena tingothera pa doko?

Mai a Tadala: Abale ndithandizeni nzeru. Apongozi anga abwera kuno ku Edinburgh kuchokera ku Zomba, ndiye Loweruka likubwerali tikufuna tikawaonetse ku Anstruther, tauni ya asodzi ija ya m'dera la Fife kuno ku Scotland. Bambo a Tadala akuti tigulenso matikiti a boti la May Princess tikafike pa chilumba cha Isle of May. Tilipo asanu. Ine ndawerengera, ndalama yake ndi ya chakudya cha sabata yathunthu. Ndi zoyeneradi?

Kondwani: Gulani Mai, bola mupeze malo. Panopa ndi Juni, ma puffin adzaza pachilumbapo. Timbalame takuda ndi kuyera, milomo yamawangamawanga, timaswera m'mauna ngati mbewa, ndipo timatera titanyamula tinsomba kukamwa. Ukafika Ogasiti timabwerera kunyanja, simutionanso mpaka chaka chamawa.

Che Jafali: A Kondwani mukunena zokoma zokhazokha. Ine ndinapita chaka chatha. Mtunda wake ndi makilomita 8 okha koma nyanja inavuta, ndinasanza mpaka kutsala matumbo. Titatsika, mbalame zina zotchedwa tern zinayamba kutijompha m'mutu poteteza ana awo. Ndalama yanga yomwe, kukajomphedwa nayo!

Kondwani: Kkkk Che Jafali, chipewa munasiya kuti?

NaBanda: Mai a Tadala, funso langa ndi limodzi. Agogowo miyendo ili bwanji? Ulendo wonse umatenga maola 4 kapena 5, ndipo pachilumbapo mumakhala maola awiri kapena atatu mukuyenda m'tinjira tokwera ndi kutsika. Kulibe sitolo, mphepo yake ndi yolowa m'mafupa ngakhale dzuwa liwale. Nthawi yonyamuka imasinthanso tsiku ndi tsiku potsata kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ndiye muiyang'ane musanasankhe basi. X60 yochokera ku Edinburgh imadutsa komweko koma imazungulira, si yofulumira.

Che Jafali: Eya. Ndiye ine ndikuti ndalamayo ikathere kumtunda. Pa doko pomwepo pali Scottish Fisheries Museum, anatsegula mu 1969. Muli mabwato akale, maukonde, ndi zithunzi za amayi amene ankatumbula nsomba za herring n'kuziika m'migolo ndi mchere, zomagulitsidwa mpaka ku Germany ndi ku Russia. Ali ndi ngalawa yamatanga yotchedwa Reaper, yazaka zoposa 100. Herring ija inasowa m'dera lino, asodzi n'kuchepa. Ine wokulira ku Mangochi ndinaima pamenepo n'kukumbukira chambo cha ku Malombe, mtima unandiwawa ndithu. Agogo akamvetsa nkhani imeneyo kuposa ya mbalame.

Alinafe: Mukatuluka m'menemo mulowe pa Anstruther Fish Bar, koma mzere wake Loweruka ndi wa ku chigayo. Pitani isanakwane 12. Mukadya, yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja mpaka ku Pittenweem, kumene mabwato akupitabe kukasodza. Zimenezo ndi zaulere.

Kondwani: Zonsezo zilipo chaka chonse achemwali, ngakhale mu Januwale. Chilumbacho boti limapitako kuyambira Epulo mpaka Seputembala basi. Ndipo si mbalame zokha. Pali nsanja ya nyale yowongolera zombo imene anamanga Robert Stevenson mu 1816, komanso chotsala cha ina ya mu 1636 imene ankasonkhapo moto wa malasha usiku wonse. Ma seal, nyama za m'nyanja, nawo amangogona pamiyala. Ana a Mai a Tadala akaziona kuti zimenezi?

NaBanda: Bwanji mugawane? Bambo atenge ana pa boti, inu ndi agogo mutsale mu tauni. Matikiti atatu m'malo mwa asanu.

Mai a Tadala: Ndawawerengera agogo zonse mwalembazi. Zosanza zija aseka. Akuti iwo anakwerapo Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay mwera ukuwomba, ndiye kaboti ka ola limodzi sikangawaopse. Amene akutsala pa doko ndine. Tagula anayi.

Che Jafali: Agogowo muwaveke duku ndi chipewa pamwamba. Ma tern sadziwa za Ilala.