Boti langa latsakamira pamchenga ku Salima, odziwa nyanja ndithandizeni

Abale anga pagulu pano ndigawireniko nzeru. Ine ndimakhala kuno ku Lilongwe, nyanja ndimaionera pa wikendi basi, koma chaka chatha ndinagula kaboti ka faiba ka injini ya 15 HP komwe ndimasungitsa kwa alamu anga ku Senga Bay. Loweruka lapitali timalowera cha ku zilumba za Maleri, titayandikira pomwe Linthipe amathira m'nyanja boti linangoti gu! pamchenga, injini kudumpha, tonse kugwera kutsogolo, chonsecho malo omwewa ndinadutsapo mu May popanda vuto. Tinatsika nkumakankha madzi akulekeza m'mawondo, ine maso ali mwazumwazu kuopa ng'ona. Pano propela yapindika ndipo timadzi timene timatuluka kumbuyo kwa injini tikungodontha. Ndiye mchengawu anzathu mumauzindikira bwanji musanaugunde? Nanga injiniyi ndingailize?

Makaniko wa ku Salima:
Musailize achimwene. Yamwa mchenga imeneyo, impela, kaja ka labala kopopa madzi mu injini, yadyeka ndiye madzi ozizilitsa sakukwera. Mukakakamira itentha, mudzalira ndi mtengo wa injini yatsopano.

Msodzi wa ku Chipoka:
Bwana mu May nyanja imakhala yodzaza ndi madzi a dzinja, pofika November yatsika, zaka zina pafupifupi mita yathunthu. Komanso mchengawo sukhala pamodzi, mtsinje umabweretsa wina dzinja lililonse kenako mwera wa June ndi July nkuusuntha, njira ya chaka chatha chaka chino ndi mtunda. Wina mwa mchenga munagundawo ndi wakwanu komweko, paja mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe kkkk. Muziyang'ana madzi, pakuya amada, posaya amayera kapena kufiirira. Mukaona mafunde akusweka pamalo amodzi kutali ndi gombe, kapena mbalame zitaima pamadzi ngati zili pabwalo, khotani. Vuto dzuwa likakhala kumaso, m'mawa kapena madzulo, simuona kanthu olo mutatong'ola bwanji.

Mayi wa ku Mangochi:
Ife kuno polowa mu Malombe, paja ndi nyanja yosaya, wina amakhala kutsogolo ndi nsungwi yaitali kumayeza, woyendetsa akupita pang'onopang'ono injini atayikweza pang'ono. Mukatsakamira zimitsani, kwezani injini, anthu asunthire mbali yomwe ikuyandama, mukankhe ndi nsungwiyo kubwerera komwe mwachokera. Zotsika m'madzi pamathiriro a mtsinje musadzayerekezenso chonde, ng'ona ndi mvuu zimakonda pomwepo. Malaifi jaketi munali nawo?

Mwini funso:
Aaa mayi musandiyalutse pagulu, analipo awiri ife tili asanu. Alamu anandiuza nditenge mnyamata wa pagombe wodziwa njira ine ndinakana poopa kumulipira, pano ndi izi. Amakaniko, impelayo ipezeka kuno ku Lilongwe kapena ndingobwera nayo injini konko?

Makaniko wa ku Salima:
Bwerani nayo, tikaonenso ngati shafti yozungulitsa propela sinapindike.