Ndinaponya nyimbo ya malume pa Facebook, pano wina akuifuna. Nditani?

Akuluakulu ndakupezani. A admin chonde idutse, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndimakhala ku Chilobwe, ntchito ndimagwira mu shopu ina ku Limbe. Gitala ndimangoseweretsa madzulo ndikaweruka, si kuti ndine woimba ayi. Mwezi wathawu kunabwera malume anga kuchokera ku Thyolo kudzaonetsa maso kuchipatala, anakhala kwathu sabata ziwiri. Ali ndi zaka 71 ndipo banjo yawo saisiya. Anaipanga okha: chigubu chachitsulo cha mafuta, pamwamba anakunga chikopa cha mbuzi, nsambo zake ndi mawaya a buleki ya njinga. Loweruka lina magetsi atathima tinakhala pakhonde, iwo pa banjo, ine pa gitala, mwana wanga wamkulu akugogoda botolo ndi msomali. Ndinatsamiritsa foni pa ndowa n'kuyamba kujambula. Nyimboyo anapeka okha ali mnyamata, yolira mkulu wawo amene anapita ndi Wenela ku migodi ku Joni osabwerakonso.

Mawa lake ndinaiponya pa peji yanga. Ndimaganiza kuti aimva anzanga khumi basi, koma anthu anaigawa mpaka foni kutentha. Ambiri anayamikira, ena anadandaula kuti mawu a malume akumira, gitala ikungoguguda ngati tili m'chitsime, komanso pakati pake galu wa aneba analowerera.

Mafunso anga ndi awiri. Malume abweranso kumapeto a mwezi kudzaonana ndi adokotala, ndiye ndikufuna tijambulenso bwinobwino. Ndalama ya situdiyo ndilibe, ndili ndi foni ndi nyumba ya zipinda ziwiri ya malata. Ndipange bwanji kuti zimveke zaukhondo?

Lachiwiri ndi limene likundivuta. Pali mkulu wina wandilowa ku inbox, akuti ndi pulodyusa. Akuti ndimutumizire nyimboyo yosadula, aichotsa phokoso, aikamo ng'oma ndi kiyibodi, kenako aiika pa intaneti pa akaunti yake "kuti ifike patali". Wanena kuti atumiza K40,000 pa foni lero lomwe. Ndimutumizire?

Wa mawaya ku Ginnery Corner: Achimwene, funso loyambalo ndi lathu ife, ndimalumikiza zokuzira mawu m'maukwati. Gitala yanu ikugugudayo ndi chifukwa foni inayang'anizana ndi bowo la gitala. Pabowopo pamatuluka mawu akuluakulu okhaokha. Lozetsani maiki ya foni pamene khosi la gitala likumana ndi thupi lake, cha pa fret ya 12 (kachitsulo kopingasa ka nambala 12 pa khosilo), kutalika kwa masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono. Dziwaninso kuti maiki ya foni nthawi zambiri imakhala kunsi, pafupi ndi polowetsa chaja, osati ku galasi. Anthu ambiri amajambula maiki italoza pansi.

Banjo ndi yaukali, imalasa. Ikakhala pafupi ndi foni imameza mawu a woimba. Ndiye foniyo ikwezeni ifike usinkhu wa pakamwa pa malume, banjo ikhale m'munsi, inu wa gitala musunthire m'mbali. Yesani masekondi 20, mvetserani pa mahedifoni, sunthani mpando, yesaninso. Mikisa yanu ndi mipando imeneyo.

M'nyumba musajambulire pabalaza la simenti lopanda kanthu, mawu amangobwerera m'makoma. Lowani kuchipinda kogona, imikani matilesi kukhoma, kolekani bulangeti pazenera ndi pachitseko, yalani mphasa pansi. Foni ikhale pa airplane mode ndipo isakhale pa chaja. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ma chaja otchipawa amalowetsa kamkokomo kosatha mu nyimbo. Ngati muli ndi filiji izimitseni kaye.

Mayi a Tadala: Onjezerani nthawi. Ife kwaya yathu ya achinyamata ku Bangwe tinkajambulira pa foni Loweruka masana, chigayo chinkangoimba nafe alto. Tinapeza kuti cha m'ma 10 usiku pakati pa sabata kumakhala zii. Kukayamba mvula musavutike n'komwe, denga la malata silikhululuka.

Mfana wa pa Kachere: Galuyo musamuchotse man, ndi amene ndinamukonda. Mumpatseko 10 pin pa 40 imeneyo.

Wa mawaya ku Ginnery Corner: Ndinaiwala chimodzi. Musajambule ngati voice note ya WhatsApp, imafinya mawu mpaka kutha mafuta. Tsegulani rekoda ya m'foni, ngati ili ndi posankha ikani WAV (mtundu wa fayilo wosafinya mawu), 44.1 kHz. Mphindi imodzi ya WAV ya sitiriyo imadya pafupifupi 10 MB, pamene MP3 ya 128 kbps imadya 1 MB yokha. WAV musunge pa memory card, anthu muziwapatsa MP3. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document kuti isafinyidwenso. Mukapeza kompyuta, pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndi yaulere, mutha kudula koyamba ndi kothera n'kukweza mawu pang'ono. Koma chochotsera phokosocho musakokomeze, banjo imasanduka ngati ikulira m'madzi.

Mwini funso: Zikomo kwambiri achimwene. Foni inalidi pa power bank ndipo maiki inali yotsamira pa ndowa. Ndaseka ndekha.

Gogo wa ma rekodi, Chilomoni: Mwana wanga, ndawerenga kawiri ndipo pali chinthu sindinachione. Malume akowo akudziwa kuti nyimbo yawo ili pa Facebook? Unawauza kuti ukujambula? Ukufunsa ife ngati ugulitse mbuzi, mwini mbuzi ali ku Thyolo.

Usaione ngati kanyimbo ka pakhonde. Ku Thyolo komweko kunachokera Allan Namoko, wosaona, ndi banjo yake ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Anamwalira mu 1995 koma mpaka lero tikamva banjo ija timadziwa kuti ndi iye. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka ankaimba m'misewu ya Blantyre yomweyi pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza n'kuwajambula mu 1967. Chimene chinawasunga ndi chakuti pa zojambulazo panalembedwa mayina awo. Iwe pa positi yako walemba kuti "ine ndi malume". Malume ndi dzina?

Ndipo nyimbo ya Wenela si yoseweretsa. Depoti ya mabasi ija mumangoti pa Wenela inatenga dzina ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Mu 1974 ndege yobweza anthu athu inagwa ku Francistown ku Botswana, a Kamuzu n'kuimitsa ulendo wa ku migodi. Ife a zaka zimenezo aliyense ali ndi mbale amene anatsalira kumeneko. Munthu akuimba maliro a mkulu wake, wina akufuna aikepo kiyibodi yovinira.

Mwini funso: Agogo mwandigwira pakhosi. Ankadziwa kuti ndikujambula, anaimvera n'kuseka kuti mawu awo akalamba. Koma zoti ndaiponya sindinawauze. Foni yawo ndi ya mabatani, ndinkati n'zovuta kuwalongosolera.

Gogo wa ma rekodi, Chilomoni: Zovuta bwanji? Auze kuti ili ngati pa wailesi koma aliyense atha kuitenga. Amva. Si mwana.

DJ wa ku Machinjiri: Ine ndisiyana nanu pang'ono agogo, ndi ulemu wonse. Si pulodyusa aliyense ndi mbava. A Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, aimba zaka zonsezi ndi gitala yawo, koma ana a masiku ano anawadziwa Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, kenako nyimbo imene anajambulayo inafalikira dziko lonse pa TikTok. Akanakana kuti zamakono ayi, bwenzi zili choncho? Nyimbo yongosunga pa memory card imafa ndi memory card yomweyo.

Mayi a Tadala: Koma pajapo a Giddes anakhala pa mpando, akuimba okha, nkhope ikuoneka, dzina lawo lili pamwamba. Uyu akuti pa akaunti yake. Zikufanana pati?

DJ wa ku Machinjiri: Apo ndavomera. Mawu akuti "pa akaunti yanga" ndi amene akununkha. Achimwene mufunseni mafunso atatu: nyimbo zimene anapangapo zili kuti, pa nyimboyo palembedwa dzina la ndani, ndipo 40 imeneyo ndi yogulira chiyani. Mukaona akuzungulira, mwadziwa.

Membala wosatchula dzina: Zinandionekera ine. Ndinajambula nyimbo yauzimu ndi gitala ku Zingwangwa, ndinatumizira munthu amene analonjeza kuikonza. Patatha miyezi inayi ndinaimva mu minibasi ya ku Chirimba, mawu anga atachotsedwa, akuimba ndi mtsikana wina, kolasi yake yomwe ija osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndinafuna kutsika pa siteji yolakwika. Choipa kwambiri, foni imene ndinajambulira inali itabedwa ndipo macheza athu onse anapita nayo. Ndinalibe poyambira. Chilichonse mukambirane ndi mkuluyo chikhale cholemba, mujambule ma screenshot, mutumizenso kwa munthu wina akusungireni.

Mlongo wa zamalamulo: Sindine loya wanu, ndingokuunikirani. Nyimbo mwini wake ndi amene anaipeka, ndiye inu simungaigulitse ngakhale foni ndi yanu. Tili ndi lamulo la Copyright la 2016, komanso bungwe la COSOMA limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo ena n'kugawira eni ake. Akabwera malume pitani nawo, kapena funsani kaye zofunika kuti alembetse nyimbozo m'dzina lawo. Ngati iwo atafuna kugwira ntchito ndi pulodyusayo, palembedwe pepala lonena kuti wopeka ndani, akuloledwa kuchita chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndalama zizigawidwa motani, asainirane pali mboni. Musalandire ndalamayo musanalembe. Mukangolandira, mawa adzati anagula yonse, ndipo uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba udzakhala umboni wake iye.

Mfana wa pa Kachere: Ndabweza mawu anga, galu asalandire kanthu asanasaine.

Wa mawaya ku Ginnery Corner: Poti agogo anena za dzina, chitani ichi tsiku lojambulalo. Musanayambe nyimbo iliyonse malume atchule okha dzina lawo, mudzi wawo, dzina la nyimbo ndi chaka chimene anaipeka ngati akukumbukira. Mukamaponya mutha kudula, koma pa WAV yanu zikhalepo. Ndipo musajambule imodzi yokha. Munthu wa banjo wa zaka zimenezo sakhala ndi nyimbo imodzi. Nsambo za gitala yanu ngati zachita dzimbiri sinthani kudakali masiku atatu kuti zikhazikike, ndipo muchune gitala kutsatira banjo, osati kukakamiza banjo itsatire pulogalamu ya m'foni.

Mwini funso: Ndabweranso abale. Dzulo usiku ndinawaimbira malume kudzera pa foni ya msuweni wanga, ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinkaona ngati netiweki yaduka. Kenako anandifunsa ngati anthu a ku Joni nawonso atha kuimva. Nditati eya, anati ndiisiye pomwepo, mwina ana a mkulu wawo aliko ndipo adzazindikira dzina la mudzi limene amatchula mu vesi yachiwiri. Za kiyibodi akana. Akuti nyimbo ija ilibe povinira. Anandikalipiranso pang'ono kuti ndinaponya yomwe anatsokomola pakati.

Pa positi ndakonza, ndalemba dzina lawo ndi kwawo. Mkulu uja ndinamufunsa mafunso a DJ aja, wayankha kuti "tikambirana bwino ukatumiza", kenako wakweza kufika 60. Sindinamuyankhe.

Malume akuti ali ndi nyimbo zina 9, ndipo abwera ndi mnzawo woimba ng'oma ya phazi. Ndiye achimwene a ku Ginnery Corner, anthu atatu ndi ng'oma m'kachipinda kamene bedi latenga theka, foni ndiike pati? Kapena bedilo nditulutse?