Kabuku kokumbukira anzathu a Fomu 4 katheka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa kalembedwe ka kabuku kokumbukira anzanga a Fomu 4 kuno ku Zomba. Ndinatsatira malangizo a achemwali ena amene anandiyankha, oti munthu asadzifotokoze yekha, amulembe mnzake wa desiki limodzi. Zinathekadi! Mtsikana wofatsa amene sankayankhula m'kalasi, mnzake analemba kuti ndiye ankaphunzitsa anzake masamu pa kandulo magetsi akazima, ndipo akufuna udokotala ku KUHeS. Goloboyi wathu akulakalaka ku Bunda, ena UNIMA pompano pa Chirunga, ena uphunzitsi ku Domasi.

Ofuna kuchita zomwezi, yambani MSCE isanayambe, chifukwa pepala lomaliza likangotha aliyense amathamangira kudepoti. Tenganinso nambala za makolo, chifukwa ophunzira ambiri alibe foni. Musasiye amene akukalima kapena kuchita geni, masamba awo m'kabukuka ndi amene anandikhudza kwambiri.