Huey Long timutche bwanamkubwa kapena gavanala?

Chisomo: Akuluakulu omasulira, ndithandizeni, sikiripiti ikufunika ku situdiyo mawa 10 koloko ndipo mutu wandiima. Ndi pulogalamu ya mbiri, ya Huey Long wa ku Louisiana ku America, uja anasankhidwa kukhala gavanala mu 1928 n'kudzawomberedwa ku Baton Rouge mu 1935. Mkonzi wafufuta "gavanala" paliponse walemba "bwanamkubwa". Ine ndikuti akumudzi akamva choncho aganiza kuti ndi DC. China, pa nkhani ya 1929 ija wandilembera "anamuchotsa pampando". Sanamuchotse! Pa wailesi ndili ndi mphindi 12 zokha.

A Mbewe: Bwanamkubwa basi, mwanawe. Glyn Jones ali ku Zomba tinkamutcha chiyani? Mawu tili nawo kale, tikabwerekenso bwanji?

Nabanda: A Mbewe, Glyn Jones anachita kuikidwa ndi boma la Britain, panalibe womuponyera voti. Long anayendayenda m'midzi ya anthu osauka kuwalonjeza misewu, milatho ndi mabuku aulere a ana asukulu, n'kuwina. Mukati bwanamkubwa mwabisa zoti munthuyo anachita kusankhidwa, pomwe nkhani yake yonse yagona pamenepo.

Yamikani: Koma gavanala nayenso ngwoterera. Kuno tikati gavanala ena amva wa Reserve Bank, ena amva wa chipani kuchigawo. Ine ndinayaka nazo chaka china, ndinati "dziko la Texas" pa wailesi, madzulo bambo wina anaimba foni kufunsa kuti pulezidenti wake ndani. Kuyambira pamenepo mawu oti state sindiwakhudza popanda chiganizo chofotokozera.

A Mbewe: N'chifukwa chake ndikuti bwanamkubwa. Salakwika.

Nabanda: Za 1929 musalole, Chisomo, limenelo ndi bodza lenileni. Long ankafuna msonkho wa masenti 5 pa mgolo uliwonse wa mafuta oyengedwa, kampani ya mafuta ya Standard Oil inalusa, nyumba ya aphungu inamuimba milandu. Koma wozenga ndi Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, ndipo masenata 15 anasaina chikalata chakuti sangamupeze wolakwa. Otsalawo sakanakwana magawo awiri mwa atatu, mlandu unangofera pomwepo. Lembani "aphungu anamuimba milandu kuti achotsedwe, koma zinakanika".

Yamikani: Mawu oti Senate muchenjere nawo. Wina anawamasulira kuti "nyumba ya mafumu" poganizira ija inali m'malamulo athu a 1994 n'kudzathetsedwa isanakhaleko. Ku Louisiana kunalibe mafumu.

Tiyamike: Samalaninso zaka. Long anapambana mpando wa Senate ya ku Washington mu 1930 koma anakalumbira mu Januwale 1932, poopa kusiyira boma wachiwiri wake Paul Cyr, amene sankamwerana naye madzi. Pomwe amawomberedwa pa 8 Seputembala 1935 sanalinso gavanala, pampando panali Oscar Allen, ngakhale wolamula weniweni anali Long yemweyo. Anamwalira pa 10, ali ndi zaka 42. Mukati "gavanala anaphedwa" aphunzitsi a mbiri akuimbirani.

A Mbewe: Ndiye mwaona? Allen anali pampando koma wamkulu anali Long. Bwana, wamkulu. Bwanamkubwa. Chichewa chathu chinaona kale zimenezi.

Nabanda: Ha, a Mbewe, pamenepo mwangokhotetsa dala.

Chisomo: Nanga dzina lija ankadzitcha la Kingfish? Mkonzi akuti tilembe "mfumu ya nsomba".

Yamikani: Ayi ndithu, lisiyeni momwemo. Anthu a ku Nkhotakota adzafunsa ngati ndi kampango kapena mpasa. Komanso musamupake mafuta kwambiri ndi mabuku aulerewo, munthu uja ankachotsa ntchito omutsutsa, ndipo antchito aboma ankadulidwa malipiro kuti zipite kuthumba la ndale zake.

Tiyamike: Tili pomwepo, akukulipirani pa mawu kapena pa mphindi? Ine ena anandilonjeza pa mawu, atatsitsa sikiripiti ndi theka anawerenga otsalawo.

A Mbewe: Amatero amenewo. Ine ya mwezi wa Juni sindinailandirebe.