Laputopu ya kusukulu ikuona zomwe mwana wanga akuchita kunyumba, nditani?

Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anapatsidwa laputopu kusukulu kuti azilembera ntchito ya kunyumba. Sabata yatha aphunzitsi ake anandiimbira foni kuti mwanayu wakhala akufufuza pa intaneti za matenda a nkhawa, usiku ali kuchipinda kwake. Ine mayi wake sindinkadziwa kanthu.

Nditafunsa kuti adziwa bwanji, anandiuza kuti m'laputopumo muli pulogalamu imene imasunga masamba onse amene mwana watsegula ndi mawu amene wafufuza, ndipo ikapeza mawu ena okayikitsa imatumiza uthenga kwa akuluakulu a sukulu. Zoti akufuna kuteteza ana ndikuzimvetsa, mwinanso ndiyenera kuthokoza. Koma mwanayo wakhumudwa kwambiri, akuti sadzafufuzanso chilichonse chomuvuta mumtima. Apa ndi pamene pakundipweteka.

Kamera nayo ikundisowetsa tulo. Mu 2010 ku Pennsylvania, akuluakulu a sukulu za Lower Merion anatengeredwa kukhothi chifukwa malaputopu a sukuluzo ankajambula ana mobisa ali kunyumba kwawo. Panopa ndamata kapepala pa kamerapo, kaya n'zokwanira.

Kodi ndingapemphe sukulu kuti indionetse zonse zimene yasunga zokhudza mwana wanga, ndi kundiuza amene amaziwerenga? Nanga pulogalamu yotereyi ingaonenso mafoni athu amene ali pa Wi-Fi yomweyo? Ndipo inu amene munakanapo kusaina fomu yovomereza zimenezi, sukulu inakuyankhani zotani, anamulanda laputopu mwanayo?