Thandizeni: ukwati ndi mtsikana wa Chiluo ku Siaya

Moni nonse pagulu pano. Mwana wa mchemwali wanga wapeza mbeta ya Chiluo ku Siaya, ku Kenya, ndipo ine monga malume ndiye nkhoswe. Kwathu ku Dedza sitilowola, ndiye mutu waima.

Ndamva kuti ukwati wa Aluo umayamba ndi mwambo wa ayie, pomwe ndalama zimapita kwa mayi a mtsikana, kenako nyombo, wopereka ng'ombe. Ndafunsa mtsikanayo, akungoti zimenezo n'za akuluakulu. Pa intaneti aliyense akunena zake.

Chinanso, mkulu wake sanakwatiwe, ndipo akuti Aluo amafuna wamkulu ayambe. Kodi zimenezi akuzitsatabe? Nanga amalandira ndalama m'malo mwa ng'ombe, poti kuchoka nazo kuno n'kosatheka? Inu amene munakwatira kumeneko, miyambo iwiriyi tingaichite pa ulendo umodzi?