Thandizeni: munthu asanduke bwanji fisi pa kamera pomwe thumba lili lobooka?

Akuluakulu a m'gulu lino, zikomo. Ine ndi anzanga tikukonza filimu yaifupi yoopsa, ya mtundu wa werewolf uja, munthu wosanduka chilombo mwezi ukawala. Ife tasankha fisi, poti ndi amene agogo ankatiopseza naye. Tili ndi kamera yobwereka, nyali ziwiri za LED ndi azisudzo omwe avomera kulipidwa nsima.

Mutu waima pa kusandukapo. Mu filimu ya An American Werewolf in London ya 1981, katswiri wosintha maonekedwe a osewera Rick Baker anaonetsa zonse poyera, kukamwa kukutalika, zala zikukula, mpaka analandira mphoto ya Oscar. Koma zija zinali mitu ya makina ndi mphira wapadera, ife tizitenga kuti? Yomwe ndikuiona yotheka ndi njira ya The Wolf Man ya 1941: wosewera amakhala duu osagwedezeka, kumumata ubweya pang'ono, kujambula, kumatanso, kenako zithunzizo kuzilowetsana. Alipo anayesapo? Ndikuopa kuti ana a TikTok angofa nazo kuseka.

Ubweya tapeza kale, majekete a pa kaunjika aja. Chomatira pakhungu ndiye palibe, wina akuti super glue. Komanso tikufuna kukajambula usiku kumudzi kwa amalume ku Dowa.

Mayankho

— Achimwene, super glue ayi ndithu, musupula mwana wa eni ake. Pitani ku saluni mukagule guluu womatira nsidze zoikirira, muyambe mwamuyesa pamkono ngati sakuyabwa. Zikhadabo zoikirira mugule komweko, muzisongole.

— Ine ndikuti musaonetse n'komwe. Onerani Dog Soldiers ya Neil Marshall, ya 2002. Munthu akugwera kuseri kwa tebulo, podzuka ndi chilombo kale, ndipo zilombozo anali anthu ovala zovala zaubweya ataimirira pa timiyendo towonjezera. Inu onetsani dzanja likukanda dothi, msana ukupindika mkati mwa malaya, chithunzithunzi pakhoma la nyumba. Zotsalazo ligwire ndi phokoso: thyolani mapesi ouma kapena nzimbe pafupi ndi maikolofoni, aliyense amva ngati mafupa. Chomwe chimaononga mafilimu otere ndi kuunika chigoba kumaso nthawi yaitali. Ndipo fisi amatalika kutsogolo, kumbuyo n'kofupika, ndiye wosewerayo muunjikireni nsanza m'mapewa basi.

— Mwana wanga, za guluu akuuzani anzanuwo. Ine langa ndi la usikulo. Mwaiwala za anamapopa mu 2017, anthu ataphedwa ku Mulanje ndi ku Phalombe chifukwa cha mphekesera chabe? Ku Dowa komweko mu 2003 chilombo chinapha anthu, ena n'kuthawa m'midzi. Ndiye inu mutulukire m'chimanga pakati pa usiku ndi munthu waubweya? Yambani mwakaonekera kwa amfumu ndi kupolisi, chovalacho anthu achione masana, ana achigwire. Chisafanane ndi cha gule, eni dambwe sangakusekerereni. Wosanduka fisiyo asakhalenso gogo wa m'mudzimo, mawa anthu adzamuloza chala kuti ndi mfiti inu muli ku tauni.

— Zikomo bambo, za amfumu amalume ayamba kale kuyendetsa, ndipo fisiyo ndi mnyamata wa ku Area 25. Za kuseri kwa tebulo ndatola. Nanga jenereta, mumatani kuti isamveke m'mawu? Waya wathu ndi wa mamita 20 okha.